Mtima wa Bambo pa Makina a Fotokope

Bambo anga anali makaniko pa garaja ina ku Biwi, ndipo ife tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Anachokera ku Mulanje ali mnyamata, pamodzi ndi mnzawo wa m'mudzi umodzi, nthawi imene mzinda wa Lilongwe unkamangidwa. Awiriwa anagona chipinda chimodzi ku Mchesi, anaphunzira ntchito kwa bwana mmodzi, anakwatiranso chaka chimodzi. Mnzawoyo ndiye anadzatsegula garaja, Bambo n'kukhala makaniko wamkulu. Ife ana tinkawaitana kuti Ankolo, ngakhale panalibe ubale wa magazi. Mpaka lero ndikafuna kuwatchula, dzina lobwera pakamwa ndi lomwelo, ndipo limandinyansa.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 2000. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndikugwira ntchito pa kashopu ka mayi wina pafupi ndi siteji ya minibasi. Anthu ankabwera kudzaimba foni, kudzataipitsa makalata ofunsira ntchito ndi kudzachititsa fotokope. Mafoni a m'manja anali atayamba kuchuluka, choncho foni ya pa tebulo inkangosonkhanitsa fumbi, koma makina a fotokope sankapuma tsiku lonse.

Matenda a Bambo anayamba mwakachetechete. Akanyamula giyabokosi, kapena akakwera kamtunda ka panjira yopita ku ntchito, ankaima n'kugwira pachifuwa. Ankati zikumveka ngati munthu wawatsamira ndi bondo. Akapuma pang'ono zinkatha. Ku kachipatala ka pafupi anawauza kuti ndi zilonda za m'mimba, n'kuwapatsa botolo la mankhwala oyera ngati mkaka. Amayi anasiya kuthira tsabola m'ndiwo. A ku kachipatalako sindiwaimba mlandu. Analibe chowonera m'kati mwa munthu, komanso Bambo sanali munthu wofotokoza zonse akafunsidwa.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena poyera. Bambo ali achinyamata ankamwa mowa, ndipo ankamwa moti a ku Mchesi akale amakumbukirabe. Anasiya ine ndisanayambe sukulu, ndipo sanalawenso. Anadzakhala mkulu wa mpingo. Ankolo analinso mkulu pa mpingo womwewo. Chaka chimenecho mpingo unkafuna munthu wotsogolera ntchito yomanga tchalitchi chatsopano, ndipo dzina limene anthu ankalitchula linali la Bambo. Ku garaja nakonso madalaivala a minibasi ankafika n'kufunsa kuti, "Madala aja alipo?" Akauzidwa kuti atuluka, ankazimitsa injini n'kudikira, eni garaja ataima pomwepo. Ine zimenezi ndinkaziona ngati zoseketsa. Sindinkadziwa kuti wina zikumudya.

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha kale. Ine sindinalipo. Amene anandifotokozera pambuyo pake ndi mayi wina amene ankagulitsa nthochi pa geti la garajayo, ndipo anaona zonse. Bambo anatuluka pansi pa minibasi thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa. Anayesa kuimirira, anadzandira, anagwira khoma, kenako anasanza. Ankolo anatuluka mu ofesi, anaima patali, n'kutembenukira kwa makasitomala amene anakhala pa benchi.

"Wayambiranso," anatero. "Ndakhala ndikumubisa nthawi yonseyi. Tamuonani, naini koloko isanakwane munthu wakhuta kale."

Kenako anauza Bambo kuti azipita, adzabwere mowa ukadzawachoka. M'garajamo munali magalimoto asanu ndi awiri, ena oyenda bwinobwino. Bambo anayenda wapansi kuchokera ku Biwi kufika ku Kawale, akukhala pansi pa mthunzi uliwonse umene anaupeza. Ulendo wa theka la ola unawatengera maola awiri.

Kunyumba anangoti thupi silili bwino, n'kugona. Amayi anaganiza kuti ndi malungo. Za mawu a Ankolo sanatiuze. Tinazimva Lamlungu masana, pamene abusa anabwera ndi akulu a mpingo awiri. Amayi anawatulutsira mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, Bambo anatuluka atafunda bulangete ngakhale kunali kutentha, ine ndinakhala pa khonde ndikusankha nyemba.

Abusa anayamba ndi pemphero, kenako anazungulira nkhani kwa nthawi yaitali asanafike pa mutu wake. Anati mpingo wamva zomvetsa chisoni, ndipo waganiza kuti Bambo ayambe aima pa udindo wawo, asadyenso mgonero, kufikira nkhaniyo itakambidwa.

"Sindinamwe," anatero Bambo.

"Wanena zimenezi ndi mnzanu wa zaka zambiri," anayankha abusa. "Wanenanso misozi ili m'maso. Angakunamizireni chifukwa chiyani?"

Bambo anangoyang'ana pansi. Mpweya wokangana nawo analibe.

Alendowo atapita, ndinazungulira kuseri kukataya zinyalala za nyemba. Ndinapeza Amayi ataima pa beseni la zochapa, atagwira ovolosi imene Bambo anavala Lachiwiri lija, akuinunkhiza pa kolala. Atandiona anaiponya m'madzi msanga. Amayi anakhala ndi Bambo zaka za mowa zija, anaziona zonse, ndipo munthu mmodzi anangotsegula pakamwa n'kuwabwezera kumeneko. Pa zonse zimene Ankolo anachita, chimene sindinakhululuke ndi chimenechi.

Lolemba m'mawa ululu unabweranso Bambo akusukusula. Ulendo uno unatsikira ku mkono wamanzere n'kukwera m'nsagwada. Mchimwene wawo wa Amayi, amene ankakhala ku Area 49 ndipo anali ndi galimoto, anabwera n'kutitengera ku chipatala chachikulu. Tinachita mwayi. Tinakumana ndi dokotala wamkazi, wamfupi, wosathamangira kulemba. Anafunsa kuti ululu umayamba akutani, umapita kuti, umatha bwanji. Bambo atanena za bondo la pachifuwa, dokotalayo anaika cholembera pansi n'kuitana nesi.

Anawameta tsitsi la pachifuwa, n'kuwamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Makina ang'ono anatulutsa pepala lalitali lofiirira, lojambulika mizere yokwera ndi yotsika. Amati isiji. Dokotala analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati Bambo sabwerera kunyumba. Anawatenganso magazi m'kabotolo, koma anati kuyeza kumene akufunako pa chipatalapo sikungatheke, kabotoloko kapite ku labu ina ya m'tauni. Ndinakatenga ndine. Ndinakakulunga m'thonje, ndinakaika mu envulopu, n'kukwera minibasi nditakagwira ndi manja awiri.

Ndisanapite ndinafunsa kuti akufuna kupezamo chiyani.

"Mnofu wa mtima ukavulala, umatayira zinthu zina m'magazi," anatero. "Timazitcha tiroponini. Mwa munthu wabwinobwino sizipezeka zambiri ayi. Zikatuluka zimakhalamo masiku angapo, mwina kupitirira sabata. Ndiye ngakhale vuto litachitika sabata yatha, magazi atiuza."

"Nanga mowa umaonekanso?"

Anandiyang'ana. "Patapita masiku asanu ndi limodzi, ayi. Mwafunsiranji?"

Ndinamufotokozera za Lachiwiri lija. Anamvetsera osandidula.

"Munthu mtima ukamamufera," anatero, "amatuluka thukuta, amasanza, amadzandira. Wosadziwa angaganize zina. Koma wosadziwayo akanangowanyamula n'kubwera nawo kuno. Kuyenda wapansi kuja akanatha kufera panjira."

Zotsatira ndinakazitenga tsiku lotsatira. Linali pepala limodzi, lokhala ndi manambala awiri oyandikana. Ina inali ya mlingo wa munthu wabwino, ina ya Bambo, ndipo wa ku labu anali ataizunguliza ndi cholembera chofiira. Panalinso za mafuta a m'magazi, amenenso anali okwera. Ndinaliwerenga ndili mu minibasi kuyambira m'tauni mpaka pa geti la chipatala. Ndiyenera kuvomera kuti pamodzi ndi mantha ndinamvanso kukoma kwina. Ndinali ndi chinthu m'manja.

Lachinayi anawatengera ku chipinda chamdima kukaunika mtima. Amati eko. Anandilola kulowa. Bambo anagona chammbali, dokotala anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumayendetsapo kachipangizo konga mutu wa tochi. Pa sikirini panaoneka chinthu chotuwa chikufinyika ndi kumasuka. Poyamba sindinaone kusiyana kulikonse, mpaka dokotala analoza ndi cholembera.

"Onani khoma ili mmene likukankhira. Tsopano onani ili."

Khoma linalo linkangogwedezeka pang'ono, ngati likutengedwa ndi anzake. Anafotokoza kuti mtima nawonso uli ndi mitsempha yake youdyetsa magazi, ndipo mitsemphayo inali itachepa ndi mafuta kwa zaka zambiri. Ululu wa pa kamtunda uja unali chenjezo. Lachiwiri lija mtsempha umodzi unatsekeka, mbali imene unkaidyetsa n'kufa. Kuti aone mitsemphayo payokha n'kuitsegula, anati, pankafunika kupita kunja kwa dziko. Tonse tinadziwa kuti kumeneko sitifikako.

Bambo anakweza mutu kuti aone bwino. "Ndiye kuti silinda imodzi yafa," anatero.

"Tingatero," anayankha dokotala. "Koma zotsalazo zikugwira. Mukamamwa mankhwala ndi kusiya kunyamula zolemera, muyendabe."

Makinawo anatulutsa kachithunzi kakang'ono konyezimira. Ndinapempha kuti ndikasunge, pamodzi ndi pepala la isiji ndi la ku labu. Ndinapemphanso dokotala kuti andilembere kalata yonena za matendawo ndi nthawi imene anayamba. Anandifunsa kuti ndi ya ku ntchito kwa Bambo. Ndinati inde, ndipo silinali bodza lenileni.

Loweruka ndinafika ku shopu molawirira. Ndinadula chidutswa cha pepala lofiirira lija, ndinachiika pa galasi la makina pamodzi ndi pepala la ku labu ndi kachithunzi ka mtima. Kuseri kwake ndinaika kalata ya dokotala, ndipo pansi pake ndinataipa m'Chichewa zimene kalatayo inkanena, kuti wina asadzanamizire kusamva Chingerezi. Pamapeto ndinawonjezera mzere wanga: "Uwu ndiwo mowa umene bambo anga anamwa Lachiwiri lija." Ndinadina batani. Makina ankatulutsa, ine ndikusanja, mpaka inki inayamba kutuwa. Mayi mwini shopu anafika, anatenga pepala limodzi, anawerenga mbali zonse ziwiri, n'kupita kukatsegula paketi ina ya mapepala.

Ndinayamba ndi madalaivala a pa siteji. Aliyense amene ndinkamudziwa kuti amakonzetsa ku Biwi ndinamupatsa lake. Ena ndinakasiya kwa amayi a chigwirizano amene ankasesa ku tchalitchi, ena ku chigayo, ena kwa owotcherera zitsulo oyandikana ndi garaja. Masana ndinafika pa geti lenilenilo. Mayi wa nthochi uja anandithandiza kugwira pepala pamene ndinkalimata.

Ankolo anali pabwalo ndi makasitomala anayi. Ndinapita n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, monga ndinaphunzitsidwira.

"Mwaswera bwanji, Ankolo?"

"Ndaswera, mwana wanga. Bambo ako ali bwanji? Ndamva kuti ali ku chipatala."

"Akadali oledzera. Ndakubweretserani botolo lake."

Ndinawapatsa pepala. Anayamba kufufuza magalasi m'thumba la malaya, ndipo ine sindinadikire. Ndinawerenga langa mokweza, mawu amodzi amodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amakaniko awiri amene ankagwira ntchito pansi pa Bambo anasiya masipanala n'kuyandikira. Wowotcherera wa mpanda winawo anazimitsa makina ake.

"Ine sindine dokotala," anatero Ankolo nditamaliza. "Ndinanena zimene ndinaona."

"Munayandikira kuti mumve fungo?"

Ankolo anayamba kupinda pepala lija.

"Munawafunsa kuti chikuwapweteka n'chiyani? Mwadziwana nawo zaka zoposa makumi atatu. Munafunsa?"

"Mwana iwe, uzilankhula ngati ukulankhula ndi bambo ako."

"Bambo anga ali pa bedi ku chipatala. Inu munali ndi magalimoto asanu ndi awiri pano."

Mmodzi mwa makasitomalawo, dalaivala wa njira ya ku Area 23, anaimirira n'kupempha makiyi a minibasi yake. Inali isanathe kukonzedwa. Anaitana anzake n'kuikankha mpaka kunja kwa geti. Phokoso la matayala ake pa miyala ndimalikumbukira bwino kuposa nyimbo za pa ukwati wanga.

Ku mpingo nkhani inakambidwa patapita sabata ziwiri. Pa bwalo la akulu mtsikana wosakwatiwa salankhula, koma ine ndinapita ndi malume anga a ku Area 49 aja, ndinakhala kumbuyo kwawo n'kumawanong'oneza. Abusa anawerenga kalata ya dokotala. Atamaliza anapempha Ankolo kuti anenepo mawu. Ankolo anaimirira, anakonza jekete, n'kunena kuti ngati analakwitsa penapake akupepesa.

"Palibe ngati," ndinatero, ndisanakumbuke kuti sindiyenera kulankhula.

Mkulu wina anandiyang'ana moopseza, koma abusa anangoti, "Mwanayu akunena zoona. Nenaninso." Ankolo anabwereza popanda ngati. Anawaimitsa pa ukulu wa mpingo, Bambo n'kubwezeredwa pa udindo wawo. Ntchito yomanga tchalitchi anaipereka kwa munthu wina, poti Bambo anali wodwala ndipo Ankolo anali pa chilango.

Zonsezi ndinazichita Bambo osadziwa. Anatuluka m'chipatala ndi thumba la mankhwala: asipirini wa tsiku ndi tsiku, a bipi, ochepetsa mafuta, ndi timapiritsi toika pansi pa lilime ululu ukabwera. Masiku oyamba ankadabwa kuti anthu obwera kudzawazonda akudziwa bwanji za khoma la mtima losagwedezeka. Ndiye tsiku lina Amayi anagula zitumbuwa pa msika, ndipo wogulitsayo anazikulunga m'pepala langa. Bambo analitambasula pa bondo. Mafuta anali atalowerera pa chithunzi, koma dzina lawo linkawerengeka.

Anandidikira mpaka nditaweruka. Ndinawapeza pansi pa mtengo, pepalalo lili pa mpando wina.

"Khala pansi," anatero. "Anakutuma ndani?"

"Palibe."

"Ndani anakuuza kuti uonetse anthu m'kati mwanga?"

"Anakunamizirani, Bambo. Anthu anakhulupirira."

"Bodza lija likanatha lokha. Munthu wosamwa amaoneka. Koma ichi sichitha. Tsopano Biwi yense akudziwa kuti ndine galimoto yongodikira kuphwasulidwa. Ndani andilembe ntchito?"

Ananena zoona. Eni magaraja awiri amene kale ankawanyengerera kuti asamukire kwa iwo sanabwerenso. Bambo anakhala sabata yathunthu osandilankhula. Zinandipweteka. Koma ndikanama nditati ndinanong'oneza bondo. Bodza lija silikanatha lokha, ndipo ine ndinali nditaona Amayi pa beseni.

Madalaivala ndiwo sanawataye. Anayamba kubwera ndi minibasi zawo kunyumba. Bambo ankakhala pa mpando, n'kuuza dalaivala kuti alize injini, apondeko pang'ono, asiye. Ankamvetsera maso ali chotseka, kenako n'kunena pamene pali vuto. Mmodzi wa amakaniko awiri aja anasiya ntchito kwa Ankolo n'kumadzagwira pabwalo pathu, Bambo akumulozera ndi ndodo. Winayo anatsatira mvula isanathe. Bwalo la Amayi linada ndi oyilo, maluwa awo anafa, koma sanadandaule.

Ine sindinalekere pomwepo. Dalaivala watsopano akabwera ku shopu kudzachititsa fotokope laisensi yake, ndinkamufunsa kumene amakonzetsa. Akatchula garaja ya Ankolo ndinkatsegula dirowa. Mapepala ndinali nawo nthawi zonse. Sindinawonjezerepo bodza ngakhale limodzi, panalibe chifukwa. Ndinkangonena zimene zinachitika, n'kumusiya munthu aganize yekha ngati angasiye galimoto yake m'manja mwa munthu wotero. Ndikapita ku Biwi ndinkadutsira dala pa geti lawo kuti ndione mmene bwalo likukulira. Udzu unayamba kumera pamene kale pankaima magalimoto.

Akazi awo a Ankolo anabwera tsiku lina kudzalira kwa Amayi, kuti mwana wanu watimaliza. Amayi anawalandira, poti anali anzawo kuyambira kale. Anandituma madzi akumwa. Ndinalowa m'nyumba n'kutulukira khomo la kuseri, ndinapita kwa mnzanga ku Chilinde.

Patapita chaka Ankolo anabwera okha. Linali Loweruka masana. Anaima pa mpanda chipewa chili m'manja, ataonda, ndipo Bambo anawakodola kuti alowe. Anakhala pansi pa mtengo maola awiri. Ndinkamvetsera pa zenera, kudikira kuti nkhani ija ituluke. Sinatuluke. Anakamba za minda ya tiyi, za mphunzitsi wina wa kwawo amene ankamenya ndi rula, za lole imene anabwera nayo ku Lilongwe. Nthawi ina ndinamva Bambo akuseka. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa bwalo mbali imene mphepo inkachokera, mpaka Ankolo anayamba kutsokomola n'kutsanzika.

"Mwawakhululukira?" ndinafunsa atapita.

"Sindinanene choncho."

"Nanga bwanji mukuseka nawo?"

"Adokotala anati ndisamakwiye. Komanso watsala yekha amene amandidziwa ndili mnyamata. Ndikafuna kukamba za kwathu ndikambe ndi ndani, ndi iwe?"

Ankolo anabweranso kawiri kapena katatu. Nthawi zonse ndinkaonetsetsa kuti tiyi wachedwa.

Bambo anakhala pafupifupi zaka ziwiri chichitikireni za ku garaja. Kawiri pa chaka tinkapita kukaunikitsa, ndipo ine ndinaphunzira kuona ndekha pa sikirini kuti mtima ukukula ndi kufooka. Miyendo inayamba kutupa, pogona ankafuna mapilo atatu. Anamwalira m'mwezi wa Juni, m'mawa, ali pa mpando wawo, akudikira minibasi imene inalonjeza kubwera.

Tsiku loika maliro Ankolo anafika ndi pikapu yawo, galimoto yokhayo imene inawatsalira. Anali ataitsuka, kumbuyo atayalako kapeti. Anauza akulu a mpingo kuti akufuna kunyamula mnzawo, komanso kulankhula m'malo mwa anzawo a kumudzi. Akuluwo anavomera, anaona ngati ndi mathero abwino a nkhani yonse. Ine ndinamva pamene pikapuyo inkabwerera chammbuyo kulunjika pakhomo. Ndinatuluka m'nyumba ya siwa, ndinakaima pakati pa galimoto ndi khomo.

"Bambo anga sakwera imeneyi," ndinatero.

Mkulu wina anandigwira pa mkono. Anati pa maliro sipokanganirana, ndipo womwalirayo anali atayanjana kale ndi mnzake. Ndinamuuza kuti ine sindinayanjane naye. Anthu anasiya kuimba. Abusa anatuma munthu kukafunsa Amayi, amene anali m'kati pa mphasa pakati pa amayi anzawo. Ndinkaganiza kuti andidzudzula. Wotumidwayo anabwerako n'kunena kuti Amayi ati timvere mwanayo.

Madalaivala anachotsa mipando ya kumbuyo m'minibasi ya ku Area 23 ija, bokosi linalowa m'menemo. Minibasi zina zinatsatira pambuyo, zitayatsa nyali. Ndondomeko ya mwambo ndinali nditaitaipa ndine, ndipo dzina la Ankolo munalibe. Kumanda anaima kumapeto kwa gulu, pafupi ndi pikapu yawo, palibe amene anakweramo kupatula akazi awo.

Chaka chotsatira Ankolo anagulitsa malo a garaja kwa munthu wogulitsa matayala akale, n'kubwerera ku Mulanje. Sanakhalitse. Uthenga unafika kudzera ku mpingo kuti amwalira. Amayi anati apita, chifukwa cha akazi awo aja. Anandifunsa ngati ndiwaperekeze, ndinati ku shopu kuli ntchito yambiri. Ndinawakweza basi ku depoti n'kubwerera.

Anabwerako patapita masiku anayi, atatopa, miyendo itatupa ndi ulendo. Ndinawalandira chikwama, ndinawatenthetsera madzi osamba. Atakhala pansi ndinawafunsa mmene mwambo unayendera.

"Unayenda," anatero.

"A kuno ku Lilongwe anapita angati?"

"Ine ndi abusa."

"Madalaivala?"

"Palibe."

"Nanga a kumudziko?"

"Ochepa, mwana wanga. Anachoka kalekale, ambiri samawadziwa. Ukufuna umve chiyani china?"

Ndinati palibe. Ndinapita kukawaphikira tiyi wa mkaka, ndinawathirira shuga wambiri monga amakondera, ndipo ndinamwa nawo makapu awiri.